Bodza la a Kachingwe ndi Thukuta la Amayi Anu

A Wilisoni Kachingwe a ku Evington, omwe aja amakhala kutsogolo m'tchalitchi atavala jekete la bulauni, ndi amene ananamizira amayi anu kuti amamwa mowa pa ntchito. Ndayamba ndi dzina lawo dala. Chisomo ndi Tadala, inu munali ku sekondale nthawi imeneyo, tinakubisirani, munkangoona kuti m'nyumba anthu sakuyankhulana. Pano mwakula. Ine ntchito ndasiya, msana wandikana ndisanafike n'komwe zaka sikisite. Ndiye ndikulemba kuti mudziwe ntchito imene bambo anu anagwira kuno kutsidya kwa nyanja, komanso zimene anachita amayi anu atatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito ndi dzina loipa. Chichewa chikakukanikani mupeze wina akuwerengereni, koma asakhale wa kunyumba kwa a Kachingwe.

Zaka ziwiri zoyamba, ku Spinney Hill

Ine sukulu ndinalekezera sitandade 5. Kuno ndinabwera ndi manja basi. Ku Blantyre ndinkachapa ndi kusita pa malo ena ogona alendo, ndipo palibe anandibwezerapo malaya kuti ndibwereze. Amayi anu ndi amene anatsogola. Kwathu anali nesi, koma kuno mapepala awo sanawalandire, anati alembenso mayeso, ndiye poyembekezera analowa ya keya, yosamalira okalamba. Ine ndinatsatira patatha chaka. Tinkakhala m'chipinda chimodzi pamwamba pa butchala, ndipo ntchito yanga yoyamba inali m'fakitale ya zovala, kuyenda wapansi mphindi khumi. Ndinkasita madiresi ndi nsimbi ya nthunzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Bwana wake dzina langa sanafune kulidziwa, ankangoti "Malawi". Magolovesi kunalibe. Nditamuonetsa dzanja litapsa anandiuza kuti anthu a ku Africa tinazolowera kutentha. Ndinamuyankha kuti kwathu limatentha ndi dzuwa, osati umbombo wa munthu. Chizungu changa chinali chothyoka koma anamva, chifukwa Lachisanu lake anandiuza kuti ntchito yachepa.

Chaka chachitatu, kulowa ku Wigston

Amayi anu anamva kuti ku nyumba ya okalamba kumene ankagwira akufuna munthu wa kochapira. Ndinalowa, ndipo ndinakhalako mpaka tsiku lopuma. Chipinda changa chinali pansi, kuseri kwa khitchini, chitseko chake chotulukira kubwalo la zinyalala. Makina ochapira anali awiri, koma kunena zoona anali amodzi, chifukwa enawo ankangodikira wokonza chaka chonse. Nsalu zoyala pabedi zinkaperewera. Sopo akatha Lachitatu ankati ndipirire mpaka Lolemba, ngati agogo aja nawonso apirira osadziipitsira mpaka Lolemba. Mamanijala ndinaona atatu. Woyamba ankabisala mu ofesi. Wachiwiri ankawerenga matawulo ngati ndimadya. Wachitatu anali mayi wachizungu, Julie, wolusa koma womva.

Ntchito yochapa anthu amainyoza, koma wochapa amadziwa nyumba yonse. Ine ndinkadziwa gogo amene wayamba kudwala nesi asanadziwe, chifukwa nsalu sizinama. Ndinkapita kukanena, ndipo kangapo konse dokotala anaitanidwa chifukwa cha mawu anga. Chovala cha munthu aliyense ndinkachidziwa osayang'ana dzina. Zimenezo ndimanyadira.

A Kachingwe ndinawapeza komweko. Anali siniya, ndiye kuti oyang'anira ma keya pa shifiti, amayi anu anali pansi pawo. Analinso mkulu wa mpingo wathu. Poyamba tinkagwirizana, mvula ikagwa ankatitenga pa galimoto yawo. Koma pa ntchito ankandiyankhula Chizungu, ine Mchewa mnzawo, ati kuopa kuti azungu angaganize kuti tikuwajeda. Ndinkangowayankha m'Chichewa.

Chaka cha khansa

Amayi anu anapezeka ndi khansa ya bere ali ndi zaka 43. Izi mukuzidziwa, munaona tsitsi likuthothoka. Opareshoni, kemo, mankhwala amphamvu aja opha khansa, kenako mapiritsi akumwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Atamaliza kemo mpingo unachita mapemphero othokoza, a Kachingwe omwewo ndi amene anatsogolera. Aliyense anati achira, nkhani yatha. Inenso ndinkaganiza choncho.

Chimene simukudziwa ndi ichi. Amayi anu ngakhale ndi ophunzira, mwambo wa mchere sanautaye. Masiku awo a kumwezi akafika sankathira mchere m'ndiwo, ankangoti, "Bambo a Chisomo, tabwerani kuno," n'kundipatsa kabotolo. Zaka zonse za banja lathu sitinatchulepo chifukwa chake. Ndiye chiyambire kemo ndinaona kuti sakundiitananso. Mwezi, miyezi isanu, chaka. Ndinadziwa kuti chinachake chaima, koma sindinafunse. Mwamuna wa kwathu safunsa zimenezo. Uko kunali kupusa kwanga koyamba.

Chaka chobwerera ku ntchito

Nyumba ya okalamba imatentha ngati uvuni. Mahita sazima, mawindo satsegula kuopa kuti agogo angazizidwe, ndipo yunifomu yake ndi ya nayiloni, yosapuma. Sabata yoyamba amayi anu anatsikira kochapira cha m'ma 10 koloko, nkhope ili noninoni, yunifomu itamatirira kumsana ngati agwera m'madzi. Anatsegula chitseko cha kubwalo n'kuima pamenepo, kunja kukuzizira koopsa. Ndinafunsa ngati ndi malungo. Anati palibe, n'kubwerera. Masana anabweranso. Tulo sankagona, m'mawa ndinkapeza nsalu zathu zili chinyontho. Anayamba kuiwala tinthu. Mkamwa munkauma, ndiye ankayamwa timaswiti ta minti. Ukawafunsa kanthu kakang'ono ankakulumira, kenako n'kukalira kubafa.

Tsiku la kiliniki ndinapita nawo. Nesi wake anali wa ku Zambia. Atafunsa kuti zikuyenda bwanji, amayi anu anati zonse zili bwino. Ine ndinati si zoona, munthuyu akunyowa ngati wathiridwa ndowa. Amayi anu anandiponda phazi. Nesi uja anaika cholembera pansi n'kutiuza m'Chinyanja chake kuti kemo inaimitsa msambo, mapiritsi aja akuwonjezera, ndipo zimene amayi ena amadutsamo pang'onopang'ono akamakula, iwo zawagwera tsiku limodzi. Anati mankhwala amene amapatsa amayi ena iwo sangalandire, chifukwa akhoza kudzutsa khansa ija, koma pali zina zothandiza. Anati madokotala ananena kale zimenezi kumayambiriro. Mwina ananenadi. Munthu akungomva kumene kuti ali ndi khansa, amvanso za thukuta? Pomaliza nesi uja anati akauze a kuntchito, awasinthire zina ndi zina.

Pa basi amayi anu anakanitsitsa. Chilichonse chopita kwa manijala chinkadutsa mwa siniya, ndipo siniya anali mwamuna, mkulu wa mpingo. Anati sangakaime pamaso pa a Kachingwe n'kunena kuti anasiya kusamba. Ine ndinavomereza. Uko kunali kupusa kwanga kwachiwiri.

Ndiye ndinachita zimene ndikanatha. M'kabati munali mayunifomu osiyidwa ndi anthu amene anachoka. Ndinasankha atatu a saizi yawo. Imodzi ikanyowa ankatsika, kuvula, kuvala youma, ine n'kuchapa yonyowayo, kuumitsa, kusita. Ndinkanyowetsa timatawulo n'kutiika mu kafiriji kanga ka mkaka, kuti aziika pakhosi. Mphindi zitatu, abwerera kwa agogo. Lamulo linkaletsa kuchapa zovala za ogwira ntchito m'makina a nyumbayo. Ndinkalidziwa. Tinayenda choncho miyezi inayi, ndipo palibe gogo anagona ndi njala kapena kukhala wosasamba chifukwa cha amayi anu.

Mwezi wa bodza

A Kachingwe ankaona zonse, koma sanafunse. Munthu woti amatidziwa, anadyapo m'nyumba mwathu, sanatsike masitepe khumi kudzandifunsa kuti achimwene, alamu akuvutika ndi chiyani. Anakhala pansi n'kulemba lipoti. Analemba kuti amasowa pa shifiti kangapo pa tsiku, amabwerako maso ali ofiira, amayamwa minti pobisa fungo, anaiwala kusaina pepala la chakudya kawiri, anawayankha mwano, ndipo iwo akukhulupirira kuti amakamwa mowa kochapira kwa mwamuna wawo. Julie anawasasipenda amayi anu, kuwaimitsa kaye ntchito, tsiku lomwelo, n'kuitanitsa mitingi sabata yotsatira.

Akanalekera pomwepo mwina ndikanati anaopa udindo. Koma Lamlungu tikufika kutchalitchi, nkhani inali itatsogola. Amayi a kwaya anawatengera amayi anu pambali n'kuwauza kuti ayambe apuma kuimba mpaka atagonjetsa chiyesocho. Mayi wina anawakumbatira nthawi yaitali, ine ndikuona kuti akununkhiza. Nkhaniyo a Kachingwe anali ataitula ku komiti ya akulu a mpingo ngati pempho la pemphero. Miseche ya Akhristu imayenda choncho, imavala pemphero.

Masana amenewo tinakangana kukhitchini, inu muli kwa anzanu. Ndinawauza kuti akachotsedwa ndi mbiri ya mowa, ntchito ya keya sadzaipezanso kulikonse, ndipo mayeso a unesi amene anatsala pang'ono kumaliza athera pomwepo. Zaka zonse zija akuwerenga pa basi. Ndinati tikanene zoona basi. Iwo anayankha mawu amene mpaka lero amandilasa.

"Bere anandidula. Tsitsi linapita. Chimene chanditsalira ndi ulemu wanga. Musakandivule pamaso pa amuna, bambo a Chisomo. Bola andichotse."

Ndinalonjeza kuti ndikakhala chete. Malamulo ankalola kupita ndi mnzako wa pa ntchito, ndiye anati ndipite nawo, koma pakamwa potseka.

Mitingi inali mu ofesi ya Julie. Anawerenga lipoti lonse, amayi anu maso ali pansi. Atafunsidwa anangoti samwa. Atafunsidwa chimene amakachita kochapira anakhala duu. Julie anafunsa kachiwiri, kachitatu, n'kunena kuti ngati palibe yankho iye alibe njira ina. Kenako anaitana a Kachingwe kuti anene zimene anaona. Ananena m'Chizungu chawo chosalala, ndipo atamaliza anatembenukira kwa amayi anu. Kwa nthawi yoyamba pa ntchito paja anayankhula Chichewa, motsitsa mawu.

"Mayi, ingovomerani. Mulungu amakhululuka."

Ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwa amayi anu, ndipo ndinaona kuti atsala pang'ono kugwedeza mutu kuti nkhani ingotha. Ndinadzuka osapempha. Ndinatsika kochapira, kutenga mayunifomu atatu aja ndi timatawulo ta m'firiji, kubwera nazo n'kuziunjika pa tebulo la Julie, pamwamba pa lipoti. Ndinati mowa wake ndi umenewu. Ndinanena zonse ndi Chizungu changa cha sitandade 5. Kemo, mapiritsi, msambo umene unaima, moto umene umawagwira, tulo tosowa, mkamwa mouma. Mawu ena sindinkawadziwa, ndinkaloza ndi manja. Ndinanenanso kuti makina ndinkachapira ndine, ngati pali wochotsedwa ndine.

A Kachingwe anandigwira mkono. "Achimwene, zimenezo sitinena pagulu."

"Za mowa munanena kuti? Si pagulu?" ndinatero. "Chotsani dzanja."

Julie anafunsa amayi anu ngati zinali zoona. Anagwedeza mutu osadzutsa nkhope. Julie anatitulutsa amuna tonse awiri n'kutseka chitseko. Tinaima pakhonde ngati ana olakwa. A Kachingwe anandiuza kuti ndachititsa manyazi mkazi wanga ndi Amalawi onse, ndipo iwo sakanadziwa chifukwa palibe anawauza. Ndinawafunsa kuti pakamwa anapatsidwira chiyani, kudyera kokha?

Amayi anu sanachotsedwe. Kalata inabwera kuchokera ku kiliniki, lipoti lija linang'ambidwa. Julie anagula mayunifomu a thonje, anaika fani m'chipinda chopumira, anawachotsa ku chipinda chochezera agogo chimene chinkatentha kwambiri, ndipo analemba kuti akhoza kutuluka mphindi zochepa osapempha kwa munthu. Ine ndinalandira kalata ya chenjezo chifukwa cha makina. Ndinasaina ndikumwetulira.

Koma kunyumba kunalibe chikondwerero. Amayi anu anakhala masabata atatu osandiyankhula. Ankakwera basi yoyamba, ine yachiwiri. Mukukumbukira ndinkagona pa sofa ndikunamizira msana? Nthawi imeneyo msana unali bwinobwino. Ndinaswa lonjezo, ndipo ndinanena za thupi la munthu wina popanda chilolezo chake. Zimenezo sindikana. Ndikanakhala chete akanataya ntchito, nditayankhula anataya chinthu china chimene ine sindingawabwezere. Ndinasankha, ndipo atati zibwererenso ndingasankhe chomwecho.

Zaka zotsiriza

Tsiku lina m'mawa chitseko cha kochapira chinatseguka. Anali amayi anu, atagwira dzanja mayi wina wa kukhitchini, Mmwenye, amene anachotsedwa chiberekero chifukwa cha khansa. Nkhope yake inali ngati ya amayi anu miyezi ija. Mawu oyamba amene mkazi wanga anandiyankhula patatha masabata atatu anali akuti, "Uyu naye. Mupatseni thawulo." Ndinapereka. Madzulo tinakwera basi imodzi. Tili m'njira anandiuza kuti ndisaganize kuti andikhululukira zonse. Ndinati ndamva.

Kuyambira pamenepo kochapira kunasanduka kokokera mpweya. Julie analola kuti kafiriji kaja kazikhala ka matawulo. Amayi ankabwera, ena a khansa, ena ongofika msinkhu, kuima pachitseko, kupuma, kubwerera. Ine sindine dokotala, sindinkapereka malangizo a mankhwala. Ndinkangoti thawulo ili, mpando uwo, ndipo mukapita ku kiliniki musakanene kuti zonse zili bwino. Atsikana a pa shifiti anandipatsa dzina loti Nduna ya Thukuta. Ndinalilandira.

Kenako anayamba kundifuna amuna. Amayi anu ankauza akazi anzawo, akaziwo n'kutumiza amuna awo kwa ine. Wina wa ku Nottingham anabwera ndi nkhope yoti wadzagula galimoto, tinazungulira nkhani ya mpira ola lathunthu asananene kuti mkazi wake chichokereni ku kemo sakumufuna kuchipinda, ndipo abale ake akumuuza kuti apeze wina kumudzi. Ndinamuuza mosapsatira kuti mkaziyo sakumuda, thupi likumuwawa, pouma pamapweteka, ndipo ku kiliniki kuli thandizo la zimenezo akakanena. Ndinamuuza agule mabulangete awiri, aliyense lake, atsegule windo, achape yekha nsalu m'mawa osang'ung'udza, ndipo apite naye ku kiliniki akamve ndi makutu ake. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Koma anapita. Banja lija lilipo mpaka pano. Amuna otere ndakhala nawo pansi ambiri, ena pa foni, ena m'galimoto panja pa sitolo chifukwa amaopa kuonedwa. Onse amayamba ndi mpira.

Amayi anu anakhoza mayeso aja. Tsiku limene anavala yunifomu ya unesi ndinaisita ndekha, kawiri. Pano ali m'chipatala chachikulu, ndipo mayi akawauza kuti zonse zili bwino, iwo amatseka chitseko n'kufunsanso. Ine msana unayamba kundivuta chifukwa chonyamula matumba a nsalu zonyowa, mpaka dokotala anati basi. Tsiku lotsanzika anandigulira keke, agogo ena analira, ndipo makina achiwiri aja anali akudikirabe wokonza.

Lero

A Kachingwe anapita kukagwira ntchito ku nyumba ina ya okalamba, koma mpingo ndi womwewo, mpando ndi womwewo. Atamva kuti amayi anu sanachotsedwe sanabwerere ku komiti kukanena kuti analakwitsa. Anangosiya. Ndiye nkhani ija ilipobe. Chaka chatha pa ukwati wina ku Evington mayi wina anasuntha botolo la vinyo pa tebulo lathu akuseka, ati tisawayese amayi. Amayi anu anaseka nawo, koma kunyumba sanadye. Kwaya sanabwerereko mpaka lero, munthu amene ankayambitsa nyimbo. Abusa anabwera kudzandiuza kuti ndikhululuke, zinapita. Ndinawauza kuti kwa amene ananama zinapitadi, koma kwa amene ananamiziridwa zikadali pa tebulo.

Amayi anu awerenga zimene ndalembazi. Anati za mchere ndichotse, kenako anati zisiyeni, ana adziwe.

A Kachingwe, ndikudziwa kuti pepalali lidzakupezani, kuno nkhani sizigona. Sindikufuna mphatso, sindikufuna meseji ya pa foni, ndipo musanditumizire akulu a mpingo kuti adzatigwirizanitse kuseri. Lamlungu, nthawi ya zolengeza, muimirire kutsogolo mpingo wonse uli pomwepo, amayi a kwaya ali pomwepo. Munene m'Chichewa, osati Chizungu chanu chija, kuti mkazi wanga, Mayi Nambewe, sanamwepo mowa pa ntchito, ankadwala, ndipo inu munalemba bodza chifukwa simunafunse. Mukatero mutembenuke, muwayang'ane kumaso, mupepese. Mkazi wanga abwerere ku kwaya.